Mtsempha Wosasenda

Makina anabwera Lolemba m'mawa, pa lole, atafunditsidwa mabulangete ngati wodwala. Anali obwereka. Eni ake, a yunivesite ina yakutali, anati lole yomweyo idzawatenga Lachisanu masana. Masiku anayi ndi theka. Kupempha owonjezera kunali kutaya malovu.

Wamasamu anaima pakhomo la labu, akuwerenga masikuwo pa zala. Anawerenganso. Sanachuluke.

Zaka zitatu anali atakhala pa desiki, akulimbana ndi samu imodzi. Samu ya khoma la mtsempha wa magazi: mmene limafufumira mtima ukapopa, ndi pomwe limakanira kufufumanso. Papepala inkayenda. Pakompyuta inkajambula mzere wokongola, woyamba chogona kenako n'kudzuka chilili ngati chogwirira cha ambulera. Koma Apulofesa ake, munthu wokhalira pa mabwalo a ndege, anali atanena mosapsatira. Popanda mtsempha weniweni wovomereza samuyo, digiri palibe. Makina akachoka umboni usanapezeke, adikire chaka china. Mwina ziwiri.

Nkhani ya samuyo sinali yovuta, iye akamaifotokoza atakhuta. Khoma la mtsempha lili ndi magawo. Lapakati n'lofewa, lotamuka ngati mphira. Lakunja lili ndi timaulusi topindikapindika, ngati ulusi womasulidwa pa juzi yakale. Magazi akamayenda mwaulemu, timaulusito timagona. Akakankha mwamphamvu, timawongoka, timakungika, n'kuuza mtsempha kuti basi, pakwana. Samu yake inkalosera pomwe basi ameneyo amamvekera.

Mtsempha wa munthu sakanaupeza. Mwamuna wake anakana kubwereketsa wake, ati akuugwiritsa ntchito. Wa nkhumba ndi wofananako. Apa mpomwe analowera alamu ake, akulu awo a mwamuna wakeyo, eni butchala ya kuseri kwa depoti ya mabasi. Anawaimbira foni. Anawauza kuti akufuna mtsempha waukulu uja wochoka pamtima n'kutsika motsata msana, wa nkhumba yophedwa m'mawa womwewo, m'bokosi la ayezi, tsiku lililonse. Alamu anati asade nkhawa. Za ntchito yake sanafunse. Anati anthu ophunzira safunsidwa mafunso, amangopatsidwa zabwino.

Mu labu munali a Sipanala. Dzina lenileni anali nalo, koma linatha ntchito kalekale. Zaka makumi awiri akhala akuthyola zitsulo ndi njerwa za simenti m'makina, n'kumalemba pomwe zathyokera. Nyama ankaidziwira pa mbale. Wamasamu nayenso mtsempha ankangouonera m'mabuku, wojambulidwa bwino, wosalala, mivi ikuloza mayina ake. Mayi wa za matupi a nyama, yemwe anayenera kuwathandiza, anali atabereka mapasa Loweruka.

Bokosi loyamba linafika pa njinga yamoto. Atalitsegula, onse awiri anagoma. Mitsempha iwiri yoyera mbee, yosalala ngati mapaipi a m'sitolo, itagonekedwa pa kansalu kochapa. A Sipanala anati nkhumba imeneyo iyenera kuti inkasambira sopo wonunkhira.

Anadula chidutswa chotalika ngati chala. Anamanga timabowo ta m'mbali ndi ulusi. Anachiveka pa timapaipi tiwiri ta makina, uku ndi uku, n'kuchimiza m'madzi amchere ofunda. Pampu inayamba kupopera madzi mkati. Kamera inkayeza kufufuma kwake. Pakompyuta timadontho tinayamba kugwa, kamodzikamodzi, pambali pa mzere wa samu.

Poyamba timadonthoto tinautsatira mzerewo ngati ana a sukulu pa ndawala. Wamasamu anamva kukoma mpaka m'mano. Kenako mzere unakhota, unayamba kukwera. Timadontho tinangopitirira chogona. Mtsempha unkafufumabe. Pomwe samu inkati basi, iwo unkati onjezani.

Wachiwiri chimodzimodzi.

Lachiwiri anaimba mlandu makina. A Sipanala anamasula pampu, anaiuzira, anaimanganso. Anapukuta diso la kamera ndi mpango wawo. Madzi amchere aja anachita kuwalawa. Zonse zinali bwino. Mitsempha ina iwiri inabwera, yokongola kuposa yadzulo. Timadontho tinagona momwemo.

Lachitatu a Sipanala anatopa. Anati chinthu chilichonse chili ndi pomwe chimakanira, ngakhale apongozi. Anatsegula pampu yonse. Mtsempha unatupa, unatupa, timadontho tinakhota mochedwa ndi mwaulesi, kenako mtsemphawo unang'ambika n'kuwalavulira madzi pa magalasi. Anavula magalasiwo, anawayang'ana, anati chitsulo sichinawachitepo mwano wotero.

Masana a tsiku lomwelo Wamasamu anachita chinthu chimene sakanauza amayi ake. Anapeza kuti akalowetsa kanambala kena pakati pa samu, mzere umagona n'kukumana ndi timadontho. Kanambala kopanda mayi, kopanda bambo. M'thupi sikankaimira chilichonse. Ukakamasulira, kankanena kuti timaulusi tija timadzuka mwini wake ali kale m'bokosi la maliro. Koma chithunzi chinkaoneka bwino zedi.

A Sipanala anasuzumira paphewa pake. Anafunsa kuti kameneka kabadwira kuti. Iye anati kangobwera kudzacheza.

"Alendo otere ndi amene amagwetsa milatho, mwana wanga," anatero a Sipanala, n'kubwerera ku pampu yawo.

Wamasamu sanakafufute kanambalako. Foni inalira. Apulofesa, ali pa bwalo la ndege lina, ankafunsa ngati zikuyenda. Anawatumizira kachithunzi ka chala chachikulu.

Lachinayi bokosi silinabwere. Naini koloko. Hafu pasiti. Anaimba. Alamu anati njinga yaphulika tayala, ndipo lero nkhumba ndi imodzi yokha, mawa sakupha. Anati adikire pang'ono, apeza womutuma. Iye analibe pang'ono wodikira. Anatenga chikwama, anakwera minibasi.

Kuseri kwa depoti kunali monga mwa masiku onse. Madzi akuda oyenda m'mbali mwa msewu, thabwa lowolokera. Wodula makiyi. Wogulitsa ndowa zapulasitiki atazisanja mpaka kubisa chitseko chake. Basi ina ikubwerera chammbuyo, anthu asanu akuuza dalaivala zinthu zisanu. Butchala inali pakati pa shopu ya mafoni ndi telala. Kutsogolo kunali sikelo, firiji yong'ung'udza, ndi mayi mmodzi wonenepa, mwini lesitilanti ya pakona, atatsamira kauntala ndi beseni lake, nkhope itatopa ndi kudikira. Wamasamu anam'patsa moni n'kulowa kuseri.

Alamu anali pa tebulo lachitsulo, atavala magalasi omangidwa ndi chingwe. Wailesi inkalira pa shelefu. M'manja munali kampeni kakang'ono, kotha ndi kunola, kopyapyala ngati tsamba la udzu. Patebulo panagona chinthu chonyansa. Chachitali, chofiirira, cha mafuta ndi timinofu tolendewera, ngati chingwe chotoledwa m'ngalande. Wamasamu anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Alamu anati ndi katundu wake, koma sanapse, akhale pa kreti apo adikire.

Analowetsa nsonga ya kampeni kumapeto. Anatukula kakhungu. Anakagwira ndi chala, anakakoka pang'onopang'ono, monga munthu avulira sokosi. Pansi pake panatuluka choyera mbee. Chosalala. Paipi ya m'sitolo.

Wamasamu anawagwira dzanja.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikukusenderani. Mumafuna ndikutumizireni manyaka ngati ndikutumizira galu?"

"Masiku onsewa mumasenda?"

"Uliwonse. Ndi manja angawa. Ogula ali chiimire panja, ine ndili pa mitsempha yanu. Mkazi wa mng'ono wanga akachite manyazi pamaso pa mabwana, ine ndili moyo?"

"Nanga zosendazo zimapita kuti?"

Alamu analoza ndi kampeni. Pa zenera panakhala mphaka wakuda, wonenepa mosayenera, akunyambita dzanja.

Wamasamu anakhala pa kreti paja. Anayang'ana mphaka. Mphaka anamuyang'ana. Gawo lofunika kwambiri la digiri yake linali likudyedwa pa zenera kuyambira Lolemba. Kuseka kunayambira m'mimba. Anayesa kukubweza, kunakana. Anaseka mpaka misozi, mpaka mayi wa lesitilanti anasuzumira kuti aone ngati kwagwa zovuta.

Alamu sanaseke. Anaika kampeni pansi. Anati chifundo chinapha msemamitondo, lero chapha wabutchala. Anati iwo sanapite patali ndi sukulu, koma nyama yopita kwa anthu amadziwa mmene imayenera kuonekera. Ngati kuyeretsa chinthu ndi mlandu, awamange.

Wamasamu anawapepesa. Anapukuta m'maso. Anasolola kaulusi pa mkono wa juzi yawo, kopindikapindika, anakakoka mpaka kanawongoka n'kukana. Anawauza kuti timeneti ndi timene tili m'kakhungu kaja. Popanda ito mtsempha sudziwa poimira.

Alamu anakayang'ana kaulusiko nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ine ndimachotsa mabuleki."

"Mumachotsa mabuleki."

"N'kukutumizirani galimoto yopukuta bwino."

Apa mpomwe mutu wa Wamasamu unayamba kuthamanga. Anazula pensulo kukhutu kwa alamu. Anatenga pepala lokulungira nyama, analemba samu yake yonse pamtima. Pomwe pankaimira gawo lakunja anaikapo ziro. Anawerengera malo atatu, anayi. Mzere unagona. Unapitirira chogona, n'kukhota mochedwa, mwaulesi. Ngati timadontho ta Lolemba. Ngati ta Lachiwiri. Samu sinanama. Inkayankha funso lina, timadontho tikuyankha lina. Ndipo mitsempha isanu ndi umodzi ija sinapite pachabe: anali atayeza gawo lapakati palokha, chinthu chimene m'mabuku amati n'chovuta kuchipatula osaching'amba.

Chotsala chinali chimodzi. Nkhumba imodzi, mtsempha umodzi, zidutswa ziwiri. China chovala, china chovula. Ngati samu ili yoona, chovula chitsatira mzere wogona, chovala chitsatira wodzuka, popanda kukhudza nambala ngakhale imodzi. Mtsemphawo unali womwewo uli patebulowo. Wina panalibe.

Wamasamu anaudula pakati. Theka losasenda analikulunga, analiika m'bokosi, anakhalira chivundikiro kuopa mphaka. Linalo, loyambidwa kale, analikankhira kwa alamu. Anati alimalize monga amachitira masiku onse, koma asaliboole. Kenako, pofuna kuwabwezera ulemu, anawonjezera. Anati ntchito imeneyi madokotala akuluakulu amaichita ndi magalasi okulitsa zinthu, theka la tsiku, n'kulepherabe. Anati m'dziko lonse mwina anthu oitha sakwana khumi.

Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa.

Alamu anatola kampeni. Anakayang'ana ngati akukaona koyamba. Anakapukuta. Anafunsa kuti madokotalawo amakagwira chopendeka bwanji. Wamasamu anati sakudziwa, agwire monga amagwirira. Alamu anati iwonso sakudziwa mmene amagwirira. Anakapukutanso. Anati azimitse wailesi. Itazima, anati chete wachuluka, aiyatse. Thukuta linatsika m'mbali mwa magalasi. Dzanja lomwe linasenda mitsempha isanu ndi umodzi likuyasamula linaiwala poyambira.

Nsonga inalowa. Inapitirira. Kabowo.

Onse awiri anakayang'ana. Kanali kumapeto. Wamasamu anadula mbali yoboolayo, anayeza chotsala ndi chala chake. Chinangokwana ndendende pa timapaipi ta makina. Kabowo kena, basi, zatha.

Alamu anati mwina adikire apume kaye. Anati mwina atumize kwa madokotala aja.

Wamasamu anatuluka kupita kutsogolo. Mayi wa lesitilanti anali pomwe paja, akuomba beseni ndi zala. Anamuyandikira, anatsitsa mawu ngati womva chisoni. Anamuuza kuti alamu akuti adikirebe, poti iye amangogula mafupa, ndipo mafupa sathawa.

Mayiyo sanafunse kawiri. Anakankha kachitseko ka kauntala, anakaima pakhomo la kuseri, manja m'chiuno. Anafunsa alamu kuti ndani amagula mafupa. Anati zaka zisanu ndi zitatu wakhala akupempha mnofu n'kumapatsidwa mafupa ovala jekete. Anati makasitomala ake anatha mano chifukwa cha butchala imeneyi. Alamu anadzutsa mutu. Anati nyama yawo ndi yofewa, wouma ndi mphika wa anthu ena. Anati munthu wophika ndi moto wa changu asamanamizire ng'ombe. Mayiyo anakumbutsa za chiwindi cha chaka chatha. Alamu anati chiwindicho chinali chabwino mpaka chinakumana ndi iye.

Maso awo anali pa mayiyo. Pakamwa panali pa mayiyo. Manja anatsala okha patebulo, ndipo poona kuti palibe akuwayang'anira, anayamba ntchito. Kampeni kanalowa, kanatukula, chala chinakoka. Wamasamu anaima kumbuyo kwa firiji, osapuma. Mkangano usanafike pa nkhani ya sikelo, chidutswa chinali chitagona pa kansalu, choyera, chopanda bala.

Anachitola mwakachetechete. Alamu anayang'ana patebulo, anayang'ana manja awo, anasiya chiganizo pakati. Mayi wa lesitilanti anapatsidwa mnofu wa pantchafu umene sanauonepo chiyambire, n'kuchoka akudabwa kuti wapambana bwanji msanga chotero.

Alamu anavula epuloni, kampeni anakaika m'thumba. Anaitana akazi awo kuti akhale pa kauntala. Anati sangatumize katundu wonyansa kwa mabwana popanda kukafotokoza okha. Mu minibasi bokosi analiika pamiyendo, atalikumbatira.

Ku labu anapatsana moni ndi a Sipanala mwaulemu wa amisiri awiri osakhulupirirana. A Sipanala atamva nkhani yonse anangovula magalasi n'kuwavalanso. Kenako anapempha kuona kampeni kaja. Anakayesa pa chikhadabo. Anagwedeza mutu, anakabweza ndi manja awiri.

Wamasamu anayatsa kompyuta. Anaitana a Sipanala kuti aone. Anapeza kanambala kobwera kudzacheza kaja, anakafufuta. Anasindikiza mizere iwiri papepala, wogona ndi wodzuka, anaimata pakhoma ndi selotepi. Anati zivute zitani, pepalalo silisinthidwa.

Anayamba ndi chosenda. Timadontho tinagwa, tinagona, tinatsatira mzere wogona mpaka kumapeto. Alamu anafunsa ngati chawocho chakhoza. Anawauza kuti chakhoza. Anakhala tsonga pa mpando.

Kenako chosasenda. A Sipanala anachinyamula ndi zala ziwiri, nkhope atayang'ana kumbali. Kamera inasokonezeka ndi timafuta tolendewera. Alamu anatidula ndi sizasi, timafuta tokha, Wamasamu ataima pambali ngati wapolisi. Anachimanga. Anachimiza. Pampu inayamba.

Kadontho koyamba. Kachiwiri. Chogona, monga kale. Kachisanu. Kachisanu ndi chitatu. Pakona pomwe mzere umadzukira panayandikira. Wamasamu anapeza kuti wagwira mkono wa juzi ya alamu, ndipo akuukoka. Mu labu munkangomveka pampu.

Kadontho kena kanagwa pamwamba pang'ono. Kotsatira pamwamba kwambiri. Kenako timadontho tinayamba kukwera, chilili, ngati anthu othawa madzi osefukira. A Sipanala anawonjezera mphamvu. Mtsempha unakana. Anawonjezeranso, kufika pomwe wadzulo unawalavulira. Anabisa nkhope ndi chikhatho. Palibe chinachitika. Chinthu chonyansacho chinangokhala m'madzi mwakemo, chitakungika, osasuntha.

Timadontho sitinagwere pa mzere penipeni. Tinadzuka msanga pang'ono, mpata wa chikhadabo kuchokera pomwe samu inanena. Wamasamu anauyang'ana mpatawo ndipo anaukonda. Unali mpata woona, wa nkhumba yeniyeni. Unkatanthauza kuti timaulusi take ta papepala n'taulesi pang'ono kuposa ta m'thupi. Zimenezo akanazilemba mutu wathunthu, osachita manyazi.

Anajambula chithunzi, anatumizira Apulofesa. Yankho linabwera asanaike foni pansi. Anawerenga mokweza: zokongola kwambiri, koma nkhumba imodzi si umboni, apeze zina zitatu makina asanachoke.

Anayang'ana alamu. Alamu anayang'ana kudenga. Anabwereza kuti mawa sakupha. Anakanda chibwano. Kenako anati alipo munthu wina, wa butchala ya ku msika waukulu, amene Lachisanu lililonse amapha nkhumba zinayi m'mamawa. Koma munthuyo sanalankhulane naye zaka zisanu, chiyambire mkangano wa malo oimikapo lole. Anati kumuimbira ameneyo kuli ngati kumeza lumo.

Wamasamu anangotembenuzira kompyuta kwa iwo, timadontho tili chikwerere.

Alamu anapuma mozama. Anatulutsa foni, anaitalikitsa ndi maso, anafufuza nambala imene ankati anaifufuta kalekale. Inapezeka msanga.

"Ndine. Musadule. Ndikufuna mitsempha itatu ya pamsana, mawa sikisi koloko. Ayi, si yodya. Ndi ya ku yunivesite, tikugwira ntchito ina kuno ndi anzanga." Anamvetsera. "Musatsuke. Musasende. Musaikonze n'komwe. Ibwere yonyansa momwemo."

Anatseka foni ndi chikhatho, anatembenukira kwa mlamu wawo.

"Wavomera. Mwapeza munthu woyenera, alamu. Kwa ameneyu zonyansa sizisowa."